Kadontho ka Kuseri kwa Msika

Kadontho kaja kanali katasowanso. Nesi anayandikitsa nkhope pakompyuta n'kukulitsa mapu mpaka msewu wa kuseri kwa msika unaoneka bwinobwino. Chigayo chinalipo, mpope unalipo, ngakhale ngalande yonunkha ija inalipo. Koma nyumba ya chipata chobiriwira inali kabokosi chabe kopanda dzina.

"Wafufutanso!" anatero, akumenya tebulo.

Loweruka lililonse masana gulu lawo linkakumana m'kachipinda ka kumbuyo kwa laibulale. Anali anthu ongodzipereka, okonza mapu a pa intaneti aja amene aliyense amaloledwa kulembapo. Wina ankalondola misewu, wina mipope, winanso, tisabise, ankangobwerera intaneti yaulere. Lamulo lawo lalikulu linali lakuti ulembe chimene waona ndi maso ako, ndipo uchipatse chizindikiro choyenera. Nesi nyumbayo anaiona ndi maso ake. Anaperekezako yekha mayi wina amene anafika kuchipatala diso lili psuu, ndipo pobwerako anaika kadontho pamapu: malo othawirako amayi ozunzidwa.

Chiyambire tsikulo, iye akaika, wina ankafufuta. Munthuyo sankalemba chifukwa, ndipo dzina lake pamapupo linali manambala okhaokha. Anzake a Nesi anangomutcha Chofufutira.

Nesi sankakayika n'komwe kuti Chofufutira ndi mwamuna, mmodzi mwa aja a mkono wosachedwa, wofuna kuti mkazi wake akathawa asowe kolowera. Amuna oterewa ntchito zawo ankazisoka yekha ndi singano kuchipatala. Ankadana nawo, ndipo sankabisa.

Mphunzitsi, yemwe ankatsogolera gululo, anatuluka kunsi kwa tebulo kumene ankamata chingwe cha intaneti chotafunidwa ndi makoswe. Anadzisasa fumbi m'mawondo.

"Mayi, kulimbana kwanuku akuluakulu oyang'anira mapu akukuona," anatero. "Mukabwezeranso kadonthoko akutsekerani akaunti. Misewu yonse munaivutikira ija simudzaikhudzanso. Mulembereni kaye munthuyo mumve maganizo ake."

"Ndinamulembera. Anandiyankha?"

"Ndiye dikirani pang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono yanuyo idekhe yokha, aphunzitsi. Mayi amene akuthawa chikwanje alibe nthawi yodekha."

M'chipindamo aliyense anayamba kuyang'anitsitsa kompyuta yake ngati mwatuluka zachilendo, poti Nesi akakwiya ngakhale madokotala ankamupatukira njira.

Amene anamuikira kumbuyo anali mlamu wake, mwamuna wa mng'ono wake, woyendetsa njinga yamoto yonyamula anthu. Anali asanapondemo m'chipindamo, koma tsikulo anangotulukira atanyamula zakumwa zoziziritsa kukhosi za aliyense. Ati mkazi wake anapita kalekale kumudzi kosagwira foni kukadwazika mayi a mwamunayo, ndiye nyumba yamukulira. Anali munthu wanthabwala, ndipo Nesi ankamukonda ngati mlongo wake weniweni.

"Alamu, musawamvere awa," anatero mlamuyo, akukokera mpando pafupi. "Ife apanjingafe timanyamula amayi akulira, akutiuza kuti tiwafikitse kothawira. Tiziwapititsa kuti ngati pamapu palibe? Ikani basi."

"Mwamva?" Nesi anatembenukira kwa enawo. "Mwamuna ndi ameneyu. Enanu mwangovala mathalauza."

Anasankha kabokosi kaja n'kukapatsanso chizindikiro chake. Ulendo uno sanalekere pomwepo. Analemba mtundu wa chipata, analembanso kuti khomo laling'ono lolowera lili mbali ya kuchigayo, kuti wothawa asataye nthawi pogogoda kolakwika. M'malo olembamo chifukwa cha kusinthako anaikamo mawu awa: "Ndinaiona ndi maso anga. Wofufutawe, bwera udzandiuze pamaso. Ofuna kunditsekera atseke."

Mphunzitsi anagwira m'mutu. "Mayi, ganizaninso."

Nesi anadina batani mwamphamvu, moti kompyuta inagwedera.

Patapita kanthawi, mlamu uja anatulutsa foni yake n'kutsegula mapu. Anakulitsa ndi zala ziwiri, akumwetulira.

"Kaoneka! Aa, kani ndi pafupi pompa? Ine kumangozungulira tauni yonse." Anaimirira n'kuvala chipewa chake cha panjinga. "Alamu, mwandithandiza kwabasi. Ndithamange, pali munthu woti ndikamutenge."

Panja njinga inalira, phokoso lake n'kuzimirira cha kumsika.

Nesi anatsamira mpando, manja atapinda pachifuwa. Mtima unali mbee. Akaunti aitseke, koma lero mayi aliyense wokhala ndi foni m'manja adziwa khomo logogoda. Anatsegula chakumwa chake n'kumwa mosathamanga, maso ali pa mphunzitsi.

Asanamalize botolo, pakona ya kompyuta panayaka kachizindikiro ka uthenga. Wotumiza anali wa manambala uja.

"Ehe! Chofufutira wapeza pakamwa," anafuula Nesi. "Bwerani nonse mudzamve amantha akulankhula."

Anthu anamuunjirira kumbuyo. Iye anakonza kukhosi kuti awerenge mokweza, koma mawu anamuthera pa liwu loyamba lomwe.

"Achemwali, ndine mng'ono wanu, paja mapuwa munandiphunzitsa ndinu. Kumudzi sindinapite, ndili m'nyumba imeneyi, nthiti zothyoka. Ndinkaopa kukuuzani poti mumamvana ndi alamu anu. Chonde fufutani asanaione."