Msampha wa Gwakisa

Gwakisa analumikiza laputopu yake ku pulojekita monyang'wa, ngati kuti magetsi anawayambitsa ndi iyeyo. Aphunzitsi onse a pasekondale ina ya ku Mbeya anali atadzaza m'chipinda chawo, ena chapati chidakali kukamwa.

Vuto linali lakuti intaneti yogulira mwezi wathunthu inkatha sabata isanathe, chikhalirecho mayeso a makompyuta anali pakhomo. Ahedi, Mayi Sanga, sanapite m'mbali. Gwakisa ndiye ankayang'anira netiweki ya sukulu, choncho agwire wakubayo, apo ayi alongedze timawaya take.

"Amayi, bwanji amene ndimugwireyo ndiye alongedze?" anatero Gwakisa.

Mayi Sanga anavomera pamaso pa onse.

Mantha? Aaa, Gwakisa ayi. Uyutu ndi munthu amene analemba yekha kapulogalamu koyeza liwiro la intaneti usana ndi usiku, n'kukatcha dzina loti Mlonda. Lolemba lililonse ankapita kwa ahedi kukadzitama ndi zimene Mlonda wapeza, ngakhale panalibe amene ankazimvetsa. Katswiri wotere angalephere kugwira mphunzitsi wamba?

Ndiponso wakubayo ankamudziwa kale: Bambo Mwaipopo a masamu, amene ankamutcha "kamnyamata ka mawaya". Mkulu ameneyu foni sinkachoka m'manja. Akapanda kuonera mpira ndiye kuti akubetcha, akapanda kubetcha ndiye kuti akuonera mpira womwe wabetchawo. Gwakisa ankadana nawo kuchokera pansi pa mtima, ndipo tsiku limeneli analidikira ngati ukwati.

Msampha wake unali kapulogalamu katsopano. Kankayeza intaneti imene chipangizo chilichonse chadya, n'kujambula mzere pakhoma. Wa mzere wautali ndiye mbava. Sanafune n'komwe kukayesa payekha, kuopa kudzichotsera kukoma.

"Aphunzitsi, thukuta limeneli kuzizira konseku?" Gwakisa anawafunsa Bambo Mwaipopo mokweza.

"Ndi tiyi ameneyu, mwanawe. Tapanga zakozo," anayankha Bambo Mwaipopo, uku akulowetsa foni m'thumba mwakachetechete.

Gwakisa anadina batani, n'kutembenukira anthu manja ali m'chiuno. Khoma analibe nalo ntchito. Iye ankafuna kuona nkhope.

Kunamveka "Eee!" Wina anatsamwa chapati. Koma Bambo Mwaipopo, m'malo mogwa nkhope, anatulutsanso foni ija. Dzina lawo linalipodi pakhomapo, koma kamzere kake sikankaposa chala. Mzere wa pamwamba ndiwo unathamanga mpaka kukagunda windo.

Mayi Sanga anavala magalasi n'kuwerenga dzina la mzerewo.

"A Gwakisa, Mlonda ameneyu si mwana wanu uja mumatinyadira naye?"

Apa m'pamene Gwakisa anakumbukira mmene Mlonda ankayezera liwiro: ankakopera kanema wamkulu pa intaneti, n'kumufufuta, n'kuyambiranso, osapuma.

"Usadandaule, mwanawe," anatero Bambo Mwaipopo. "Katoni yolongedzera timawaya ndikupezera ine."