Lipenga M'katoni ya Matewera

Katoni inali kuseri kwa chitseko cha bafa kuyambira m'mawa, yovundikiridwa ndi thaulo. Kunja kwake kunali chithunzi cha matewera. M'kati munali lipenga la bambo wa m'nyumbamo.

Mayi wa khanda anali atalibisa kwa kanthawi ndithu. Lipengalo linkalira mwana akangotseka maso, ndipo linkadziwa nyimbo imodzi yokha, nayonso theka. Tsiku lina analikulunga m'bulangete n'kulikankhira pansi pa bedi la mwana. Mwamuna anafunafuna, anakalipira makondakitala osalakwa, kenako anavomereza kuti analiiwala m'basi. Mwana anayamba kugona. Masaya anatuluka.

Kulitaya kukanakhala kuchimwa, choncho mayi analiika pa msika wa pa foni, pomwe ankagulitsa timalaya tomuthina mwana. Kumeneko ankadziwika kuti Mayi Chete. Wogula anapezeka tsiku lomwelo, osanenerera n'komwe.

Kale zikanakhala zosavuta. Ukanangobereka mwana, katoni m'chikwama, n'kunena kuti ukupita kusikelo, n'kudzera ku positi. Koma eni msika anali atasintha malamulo. Za positi anathetsa. Zokumana pamsewu anathetsa. Tsopano galimoto ya kampani imabwera pakhomo pako tsiku lofuna iwo, dalaivala n'kutsegula katoni, kujambula zam'kati, n'kumata yekha. Komwe katundu akupita, akuti si nkhani yako.

Pagulu la ogulitsa anzake panali maliro okhaokha. Wina anagwidwa ndi chipewa cha apongozi ake, eni chipewa ali pakhonde pomwepo. Wina analangiza kuti dalaivala akabwera uzingoti ndi msuweni. Anamufunsa ngati kwawo asuweni amayenda ndi yunifomu ndi kamera.

Uthenga unati galimoto ibwera Lachitatu. Mtima unakhala m'malo, chifukwa Lachitatu mwamuna amakhala kuntchito.

Lachitatu linafika. Mwamuna sanapite kuntchito. Anakokera mpando pazenera n'kukhala moyang'ana kugeti.

"Mwadwala, bambo a mwana?"

"Ayi. Ndangoti ndione nyumba yanga kuti masana imaoneka bwanji."

"Imaoneka chimodzimodzi."

"Tiona."

Mawu akuti tiona aja mayi anawamvetsa. Adziwa. Wina wawauza, kapena aona foni. Munthu amene sadziwa kuti makapu amakhala pati sangakhale pazenera chonchi popanda chifukwa. Akufuna amugwire katoni ili m'manja, pamaso pa mlendo, kuti nkhani ikafike kwa alamu ake onse isanazizire.

Mayi anayesa njira zonse zomuchotsera pazenerapo.

"Sopo watha."

"Ndinagula dzulo."

"Mwanayu akufuna kamphepo ka panja."

"Nditsegule zenerali?"

Mwamuna analowa kubafa kamodzi. Mayi anaima panja pa chitseko osapuma, akumvetsera ngati thaulo likusuntha.

"Matewera onsewa?" anatero mwamuna potuluka. "Kodi mwanayu tikumudyetsa chiyani?"

Anabwerera pampando wake akuimba mluzu. Inali nyimbo ija, theka lake.

Galimoto italiza hutala kugeti, onse awiri anadzambatuka. Apo mpamene mwana, ngati wamva kuti mayi ake ali pamoto, anafiira nkhope n'kuchita zake, mokweza, mpaka kumsana.

"Landirani," anatero mayi, akumuika m'manja mwa bambo ake. "Mwati muone nyumba masana. Nyumba yake ndi imeneyi."

Mwamuna anayang'ana kugeti, anayang'ana mwana, n'kulowa kuchipinda atamunyamulira patali ngati poto wotentha.

Dalaivala anali bambo wamtali wandevu, wosadziwa kufulumira.

"Mayi Chete ndinu?" anafuula.

"Tsitsani mawu, achimwene."

"Lamulo likuti nditsimikize."

Anatsegula katoni. Anatulutsa lipenga, kulizungulizazunguliza padzuwa, kulijambula kutsogolo, kumbuyo, ndi pamene linaphwanyika.

"Limalira?"

"Chonde musayese."

"Kungoti pang'ono."

Mayi anagwira dzanja la dalaivala lipenga lisanafike pakamwa. Kuchipinda kunamveka mwamuna akufunsa komwe kuli mafuta a mwana.

"Pansi pa pilo!" anayankha, ngakhale kuti mafutawo anali m'thumba la diresi lake.

Dalaivala anamata katoni, anaikapo chizindikiro cha kampani, anaiika m'galimoto n'kunyamuka. Mayi anatsamira chitseko. Zatha. Mwana adzagona mpaka adzayambe sukulu.

"Anali ndani?" Mwamuna anatulukira, malaya atanyowa, thewera la mwana lili chammbali.

"Wosokera."

"Wosokera?" Mwamuna anathamangira pazenera.

Galimoto ija inafika kumapeto kwa msewu. Inaima. Inatembenuka mwaulemu n'kudzaima pomwe inaima poyamba, matayala pamapazi ake omwe aja. Anatsika bambo wandevu yemwe uja, katoni yomwe ija ili m'manja.

Mayi anayamba kusanja mawu opepesera. Anaganiza zogwada, koma anaona kuti asunge kaye maondo mpaka amve mlandu. Anatsegula chitseko pang'ono n'kunong'ona.

"Mwabwereranji?"

"Sindinabwerere, mayi. Uja unali ulendo wotenga. Uno ndi wopereka." Anayang'ana pafoni yake n'kukweza mawu. "Katundu wa a Mphepo Yamkuntho!"

Kumbuyo kwake, mwamuna anakweza mkono ngati mwana wa sukulu.

"Ndine! Musakwiye, mayi a mwana, ndimafuna mungoona lafika. Ndapeza lina pa foni, lofanana ndi lija ndendende, ndi pophwanyika pomwe. Gwirani mwanayu ndiliyese."