Bowo la Ofesi ya a Nebert

Boma litasamuka ku Zomba, a Efelo ankagwira ntchito yolumikiza mafoni pa ofesi ina ku City Centre. Foni iliyonse inali ndi bowo lake pa bolodi, ndipo pansi pa bowolo panali kamita kowerenga kuti foniyo yaimba kangati.

Tsiku lina atafika kudepoti anakumbukira kuti aiwala makiyi a kunyumba. Anabwerera kutada, ndipo mlonda, a Jobu, anawatsegulira.

M'chipinda cha mafoni munkamveka kamita kakugunda.

"Kamatero madzulo aliwonse, mayi," anatero a Jobu. "Ine sindilowamo."

Kamitako kanali ka ofesi ya amuna awo, a Nebert, amene anafa pa ngozi ya lole yosamutsa mafayilo. Chimwalirireni, ofesiyo inali yokhoma, foni yake atazula. Koma m'bowomo munali waya, wolumikiza kunyumba ina ya ku Area 10. Nambalayo anaidziwa. Inali ya Naphiri, mnzawo wa kukwaya, amene anagona nawo pasiwa maliro onse akuwapukuta misozi.

A Efelo anavala zomvera m'makutu.

"Mwachedwa lero, bambo," ankatero Naphiri akuseka. "Kale ku Zomba simunkandidikiritsa chonchi. Mayi wa kunyumba wapita?"

Kunamveka kakhosomo kouma kamene a Efelo ankakamva m'mawa uliwonse pa ukwati wawo wonse. Kenako a Nebert anayankha mosapupuluma.

"Anapita, koma wabwerera. Akutimvera pano."