Phukusi la m'Filiza ya a Harvey

Malita anazimitsa filiza ya m'boti la a Harvey cha m'ma leveni koloko m'mawa. Lamulo lalikulu pantchito yake yoyeretsa botilo linali loti asaizimitse, ndipo lero analiswa dala.

"Pukuta paliponse," anatero mzungu wachikulireyo tsiku loyamba, akumupatsa kapulasitiki kopalira. "Koma filiza iyi usazimitse, ndipo usathiremo madzi otentha. Ayezi akachuluka uzingopala m'mbali."

Miyezi inayi Malita anakhala akupala m'mbali. Boti la matangalo linkangokhala padoko ku Liverpool osapita kulikonse, koma ayezi ankabwerera sabata ndi sabata ngati udzu wa dzinja. Anayesa zonse. Anatsuka mphira wa pachivundikiro kuti chizitsekeka bwino, anasiya kuikamo zinthu zonyowa, koma ayi ndithu. Vuto anali eni ake. Filiza imadana ndi kutsegulatsegula, chifukwa mpweya wachinyontho ukalowa umaundana. A Harvey ankaitsegula m'mawa uliwonse n'kumasuzumira pansi penipeni, pamene panali phukusi lobulungira lokwiririka mu ayezi. Ankaima pamenepo kanthawi, milomo ikugwedera.

Ankalankhula nalo phukusilo.

Patuma, mnzake wokhala naye nyumba imodzi, sanachedwe kumasulira. "Iwe, munthu sapita ku job koma ali ndi boti? Kwathu timawadziwa amenewo. Tawafunsa, mwana wawo ali kuti?"

Mwanayo anali pachithunzi, pakhoma pamwamba pa sinki. Kanali kamnyamata ka zaka ngati zisanu ndi chimodzi, kataima m'chipale chofewa, magolovesi ofiira m'manja, kakuseka mano akutsogolo atagweluka. "Ralph. Anamwalira," anayankha a Harvey atafunsidwa.

Nkhani za anthu okhwimira ana awo n'kusunga ziwalo mufiriji Malita anakula akuzimva ku Ndirande. Kale ankaziseka. Tsopano zinkamusowetsa tulo.

Ndiye dzulo lake a Harvey anamufunsa modekha, "Uli ndi abale kuno? Alipo amene amadziwa kumene umagwira ntchito? Loweruka ndikufuna tilitulutse botili panyanja, ukaone." Kudekhako ndi kumene kunamuopsa. Malita analibe mapepala. Pempho lake loti akhale m'dzikomo linali lisanayankhidwe, ndipo ntchito sankaloledwa kugwira. Atasowa panyanja, ndani akanamufunafuna? Kupolisi sakanapita chimanjamanja. Ankafuna aone kaye ndi maso ake, kenako aimbe foni, zivute zitani. Kubwezedwa kumudzi kunali bwino kusiyana ndi kulowa mufiliza.

A Harvey anali atapita kwa dokotala wa mano, ndipo anati abwera thu koloko. Kunja kunali dzuwa la Julaye, m'boti muli thukuta lokhalokha. Malita anawiritsa ketulo n'kukhuthulira pansi pa filiza. Ayezi analira, n'kung'aluka. Anawiritsa yachiwiri. Pa yachitatu madzi anayamba kufiira.

"Mayo ine," ananong'ona.

Anagwira sinki, n'kuyang'ana chithunzi chija, kamwana kakumusekerera. Anapemphera mawu osamveka, n'kupisa manja onse awiri m'madzi ofiirawo. Phukusilo linazuka. Linali m'jumbo yong'ambika, lokulungidwa m'nsalu yaubweya, lobulungira ngati kamutu. Linkafewa m'manja mwake, madzi ofiira akuyenderera mpaka m'zigongono.

Boti linagwedera. Pamwamba panamveka nsapato.

Wani koloko inali isanakwane n'komwe. Khomo lotulukira linali limodzi lokha, pamwamba pa makwerero, ndipo pamakwereropo panaoneka miyendo ya a Harvey ikutsika. Malita anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma. Foni inali m'chikwama, chikwama chili kuseri kwa a Harvey.

A Harvey anayang'ana ketulo. Anayang'ana filiza yotsegula, ikutuluka nthunzi. Kenako anaona chimene chinali m'manja mwa Malita, ndipo nkhope yawo inachita mbuu.

"Wachita chiyani?"

"Musandiphe, chonde," anatero Malita. "Sindiuza munthu."

Ngati anamva, sanaonetse. Anamuyandikira, manja ali patsogolo, ndipo Malita anatsinzina. Palibe chinamukhudza pakhosi. Anangomva phukusi likuchotsedwa m'manja mwake pang'onopang'ono, mmene amalandirira khanda.

Atatsegula maso, anapeza a Harvey atagwada pansi m'madzi aja, akumasula nsaluyo. Inali sikafu yofiira ya mwana, ndipo utoto wake unali ukusuluka. Pambali panagwa golovesi imodzi yaing'ono. Pakati panatsala kachibulumwa koyera, kochepa ngati dzira.

"Mpira uwu anauumba yekha Ralph ndi chipale chofewa, tsiku lomaliza kusewera panja asanagonekedwe m'chipatala," anatero a Harvey. "Anati ndimusungire, adzandigenda nawo akachira. Ndausunga zaka zisanu ndi zinayi."

Anaufumbata kuti auteteze, koma dzanja lawo linali lofunda, ndipo madzi anayamba kudontha pakati pa zala.