Sitika ya a Alufeyo

"Imani kutsogoloku, m'bale, chikwangwanicho muchikweze," anatero mkulu wa gulu lomenyera ufulu wokhala ndi mfuti, akuwakoka a Alufeyo kuti ajambulidwe.

Pajatu chimwalirireni akazi awo, a Alufeyo ankakhala okhaokha ku South Bend, ku America. Amalawi anzawo anabwera pamaliro, anaimba, anadya, kenako zii. Mfuti anagula chifukwa choopa kugona okha, ndiye a gululo n'kuyamba kuwaimbira kuti aliyense wokhala ndi mfuti ayenera kuwasapota. Iwo ankangosangalala kuti foni yalirako, mpaka anadiraiva kupita ku Indianapolis kukaguba nawo.

Atangojambulidwa, mkulu uja anawalanda chikwangwani, n'kuwamatira sitika ya gululo pagalimoto.

"Zikomo, Alfred," anatero molakwitsa dzina, n'kupita kokadya ndi anzake.

A Alufeyo akuti aziliza galimoto, foni inalira. Anali mayi Vainess a kwaya, omwe nkhani siiwadutsa.

"Bambo, ndinu ndikukuonani pachithunzi chaponyedwa pagulupu yampingoyi? Ana athu akuphunzira kubisala pansi pa madesiki kusukulu poopa kuomberedwa, inu n'kumaguba ndi anthu amfuti?"

"Pepani mayi. Kaya anawo akudzuka bwanji?"

"Musandizembe. Loweruka tikubwera tonse kwanuko, abusa omwe, tidzakulangizeni bwinobwino."

A Alufeyo anakhotera kusitolo ina ya mu Lafayette Road, n'kugula mwendo wathunthu wa mbuzi ndi mpunga. Potuluka anaona kuti sitika ija yayamba kumatuka. Anaisisita ndi chala mpaka inagwira bwino, kuti mwina Loweruka linalo anthu ampingo aja adzabwerenso kudzawalangiza.