Bwato la Nyani Limera Mapiko

Padangotero, Nyani ndi mlamu wake Katumbu ankawedza pamtsinje umodzi, aliyense ndi bwato lake. Nyani, posadziwa kusambira, anapingasa nsungwi ziwiri pabwato lake, n'kumangirira mathunthu a nthochi uku ndi uku kuti lisamagubuduke.

Katumbu anaseka mpaka misozi. "Alamu, bwato lamera mapiko? Ine langa likagubuduka ndimangosambira. Tiyeni tione amene abwere ndi milamba yambiri lero!"

Bwato la Katumbu linali laliwirodi, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo linali litadzaza. Nyani ankapalasa mwachifatse, akuimba kanyimbo kake.

Pobwerera, Mvuu inavuuka pafupi nawo, madzi n'kuwinduka. Bwato la Nyani linangopendeka pang'ono n'kukhazikikanso. La Katumbu, gubudu!

Katumbu anafika kumtunda chimanjamanja, koma akudzitamabe. "Mwaonatu, sindinamire!"

"Kusambira mumathadi, alamu," anatero Nyani akusonkha moto, "koma milamba yanu imatha kuposa inu. Khalani pansi tiwotche yangayi."

Anadya mpaka kukhuta. M'mawa mwake Katumbu anatulukira atasenza nsungwi, akufunsa motsitsa mawu kumene kumapezeka nthochi.

Nthano yanga yakocheza pamenepa.