Chala cha Mayi Fumie pansi pa mbale

Panali munthu wina mu mzinda wa Kanazawa, anthu ankawatchula kuti Bambo Kuwabara, opuma pa ntchito ya njanji. Amene anandiuza akuti zinachitikadi. Bambowa anali ndi nthenda imodzi yokha: zinthu zakale. Mbale zomwera tiyi, mitsuko ya ku China, timabokosi ta ku Korea, zonse mbwee m'nyumba, moti alendo ankachita kulowa cham'mbali. Chinthu chikangokhala chakuda ndi chong'aluka, iwo mtima dyokodyoko.

Akazi awo, Mayi Fumie, anali munthu wansangala. Nthawi ina anaphunzira kuumba, n'kuwaumbira amuna awo mbale ya tiyi. Inatuluka yopendekeka. Bambo anaitembenuzatembenuza, n'kunena kuti, "Amayi, tikanakhala ndi galu bwenzi atasangalala." Patapita zaka, malo atachepa pa shelefu, anaipereka kwa anthu otola zakutha. Mayi anaziona zimenezo.

Kenaka maso a mayi anayamba kuchita mdima. Dokotala sanabise, ananena kuti pofika chaka chamawa sadzaonanso. Maluwa a mitengo ya sakura, aja ongokhala masiku ochepa, atangoyamba kumasula, mayi anati, "Abambo, Lamlungu tipite kumtsinje, pansi pa mtengo wathu uja munandifunsirira mukunjenjemera. Ndikonza mpunga ndi nsomba. Ndikufuna ndikawaone komaliza."

"Lamlungu kuli msika wa zakale ku Kyoto. Tipita Lachiwiri."

"Sakura sadikira munthu, abambo. Pa wailesi anena za mvula."

"A pa wailesi anayamba liti kunena zoona? Masiku awiri okha, amayi."

Si kuti bambowa sankawakonda akazi awo, ayi. Ankawakonda zedi. Kungoti anali a gulu lija loganiza kuti za pakhomo sizithawa, zothawa ndi za kumsika.

Ku Kyoto anakumana ndi munthu wa imvi, wovala bwino, amene anawaweramira mpaka mutu kutsala pang'ono kugunda pansi.

"Aphunzitsi, ndaona mmene mukugwirira mbale. Inu si munthu wamba. Ndili ndi kanthu kamene sindionetsa aliyense."

Chibadwire Bambo Kuwabara anali asanatchedwepo aphunzitsi, ndiye mutu unakula. Munthu uja anatulutsa kabokosi kakale ka matabwa, komanga ndi chingwe, kolembedwa zilembo zofufutika. M'katimo munali mbale yakuda.

"Zaka mazana atatu, aphunzitsi. Taonani kupendekeka kwake. Oumba a masiku ano angazithe zimenezi?"

"Sangathe!" anatero bambo. "Amene anaumba iyi anali ndi manja odalitsika."

Analipira osanenerera n'komwe. Ali m'sitima pobwerera, mvula inayamba, yamphepo, ndipo inagwa masiku awiri osakata. Lachiwiri m'mawa bambo anasuzumira kumtsinje. Mitengo yonse inali itayoyoka, maluwa ali m'matope.

Anabwerera kunyumba akukoka miyendo. Anapeza mayi atakhala pafupi ndi zenera, kabokosi konyamulira chakudya kali pa tebulo, kopanda kanthu.

"Tabweretsani kuno," anatero mayi. "Masiku awiri mukungochibisa. Ndichione chimene chandidyera maluwa anga."

Popeza maso anali ofooka, anaiyendera mbaleyo ndi zala. Atafika pansi pake anaima. Kenaka anayamba kuseka, mpaka misozi mbwee.

"Abambo, ndipatseni dzanja. Mwakamva kadzenje aka?" Kenaka mayi anaikapo chala chachikulu cha iwo eni, ndipo chinalowa ndendende. "Zaka mazana atatu? Ndiye ndakalambadi ine! Iyi ndi mbale ya galu ija. Angoiviika mu tiyi kuti ide."

Za kuberedwa bambo sanaziganize n'komwe. Chinawapweteka ndi chakuti anayenda ulendo wonse uja kukagwadira chinthu chimene anachitaya okha, n'kusiya mwini wake akudikira pa zenera.

"Amayi, ndakulakwirani," anatero bambo. "Maluwa ayoyoka onse."

Mayi anasiya kuseka. "Ndikudziwa. Mvula ndimaimva."

Bambo anatenga mbale ija n'kutuluka, ambulera osatenga. Atafika pa mtengo wawo uja anagwada m'matope, munthu wamkulu ndithu, n'kuyamba kutola timaluwa kamodzikamodzi, kusankha tosapondedwa. Odutsa ankawayang'ana, iwo analibe nazo ntchito. Atafika kunyumba anatitsuka, n'kutiyandamitsa pa madzi m'mbalemo.

Mayi anailandira ndi manja awiri, n'kuiyandikitsa kumaso, chakuzenera kumene kunali kuwala.

"Mukuwaona, amayi?"

"Ndikuwaona. Ndi ochepa, koma ndi a mtengo wathu." Kenaka anawagwira bondo. "Kavuleni buluku limenelo, mwandidetsera mkeka."

Chaka chotsatira mayi sanaonenso. Kuyambira pamenepo, sakura akangomasula, Bambo Kuwabara amawagwira dzanja tsiku loyamba lomwelo, osadikira Lachiwiri, n'kukawafotokozera nthambi iliyonse. Mbale zamtengo wapatali zili pa shelefu ndi fumbi lawo. Tiyi amamwera mu yopendekeka ija. Mlendo akafunsa kuti anaiumba ndi katswiri wa zaka ziti, iwo amaloza ndi chibwano n'kunena kuti, "Ndi awo akhala apowo."

Phunziro: Zengerezu adalinda kwawukwawu. Wokukondani akati tiyeni lero, nyamukani lero, pakuti pali zinthu zina zosabwereranso. Chenjerani ndi mlendo wokutamandani asanakudziweni, ndipo musanyoze cha m'nyumba mwanu mpaka wakuba akuuzeni kukongola kwake. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka aja okonda kunena kuti tipita mawa.